Nkhunzi ya m'Botolo

Mwezi wathawu tidalandira kalata yaitali yochokera kwa mnyamata wina wa m'boma la Dedza, amene adatsiriza Folomu 4 zaka ziŵiri zapitazo koma ntchito ya m'tauni sadaipeze. Atate ake ali ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi: zazikazi zobereka zinayi, msoti umodzi, ndi nkhunzi yokalamba imene idabala msotiwo. Mnyamatayu adaona munthu wa njinga yamoto akukweretsa ng'ombe ya mnansi wawo popanda nkhunzi, ndipo patapita miyezi isanu ndi inayi adaona thole lamaŵangamaŵanga limene lidabadwa. Kuyambira pamenepo mtima wake sudakhalenso pansi. Afuna kuti atate ake agulitse zazikazi ziŵiri, agule botolo losungiramo mbeu ya nkhunzi pamodzi ndi zida zake zonse, kuti iyeyo azigwira yekha ntchitoyi pakhomo. Atatewo akana kwamtuwagalu, ndipo monga mwa kalatayo, papita sabata zitatu aŵiriŵa osadyera mbale imodzi. Tsono atipempha ife kuti tiweruze.

Kuweruza pakati pa kholo ndi mwana si ntchito yokoma, koma nkhaniyi tiikambe poyera, pakuti tidziŵa kuti ili m'mabanja ambiri oŵeta ng'ombe. Atate alondola pokana kugulitsa zazikazi. Mwana walondola pofuna mbeu yabwino m'khola. Chimene chawasokoneza ndi botolo lija, ndipo ife tinena kuti pa zinthu zonse zofunika pa ntchitoyi, botolo ndilo liyenera kugulidwa pomalizira penipeni, ndiponso si banja limodzi loyenera kuligula.

Kwa amene sadaionepo, ntchito yake ili motere. Kumalo kumene amasunga nkhunzi zosankhika, zoyezedwa matenda ndiponso zodziŵika mbiri ya makolo ake, amatenga mbeu ya nkhunzi, ndiwo umuna, naisakaniza ndi mankhwala oiteteza, naithira m'timachubu ta pulasitiki toonda ngati phesi la udzu. Kachubu kamodzi kamaloŵa kotala kapena theka la mililita imodzi, ndipo nkokwanira ng'ombe imodzi, kotero kuti zimene nkhunzi itulutsa ulendo umodzi zikhoza kudzaza timachubu mazana angapo. Timachubuto amatiumitsa ndi kuzizira, natisunga m'botolo la madzi a nayitrojeni, amene kuzizira kwake kumafika madigiri 196 kunsi kwa ziro. M'kuzizira kotereku mbeu imagona zaka zambiri osafa. Ng'ombe yaikazi ikafuna nkhunzi, munthu wophunzira ntchitoyi amasungunula kachubu kamodzi, nakaika m'chida chachitsulo chachitali chimene amachitcha mfuti, naloŵetsa mbeuyo m'chiberekero. Alimi ambiri amangoti AI, potsata dzina lake la Chingelezi.

Nzeruyi si yadzulo. Bungwe loyamba la alimi lochita zimenezi lidayamba m'dziko la Denmark m'chaka cha 1936. Mu 1949 akatswiri a ku England, mmodzi wa iwo Christopher Polge, adatulukira kuti mankhwala otchedwa glycerol amateteza mbeu kuti isafe poumitsidwa, ndipo timachubu timene tikuona leroti tidafala kuchokera ku France m'zaka za m'ma 1960, mwa ntchito ya Robert Cassou. Kuno kwathu ulimi wa mkaka wa alimi ang'onoang'ono udakula pamene adamanga mafakitale a mkaka ku Blantyre mu 1969, ku Lilongwe mu 1973 ndi ku Mzuzu mu 1974, ndipo Boma lidakhazikitsa malo osungira nkhunzi ndi kukonzera mbeu yake ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu. Pa mbiri yonseyi tifuna muonetsetse chinthu chimodzi. Alimi a ku Denmark aja sadayambe aliyense payekha ayi. Adasonkhana ambiri, nagaŵana nkhunzi zabwino ndi munthu woyendera makola awo onse, ndipo nchifukwa chake adaikwanitsa.

Tsono tione botolo. Kunja lioneka ngati chigubu cha mkaka, koma ndi mabotolo aŵiri, lina m'kati mwa linzake, ndipo pakati pake adachotsapo mpweya wonse monga momwe ilili fulasiki ya tiyi. Chovuta chake nchakuti nayitrojeni sakhalitsa. Amauluka usana ndi usiku, kaya mwatsegula botolo kaya simudatsegule, kaya muli timachubu 500 kaya muli 5. Simungathe kulitseka zolimba kuti mumsunge, pakuti lingaphulike. Chitsekero chake adachipanga dala cholola mpweya kutuluka. Botolo lalikulu, la malita 35, likakhala labwino limatha miyezi itatu kapena inayi lisadafune kudzazidwanso. Laling'ono lonyamula panjinga, la malita 3, silipitirira sabata ziŵiri kapena zitatu. Ndipo nayitrojeni sagulitsidwa pagolosale. Amachokera kutali, m'mizinda ikuluikulu, ndipo nyengo zina amasoŵa. Tsiku limene botolo liuma, mbeu yonse ili m'menemo yafa, ndipo kuthiramo nayitrojeni wina maŵa lake sikungaidzutse. Choipa koposa nchakuti kachubu kakufa sikasiyana maonekedwe ndi kamoyo. Munthu akhoza kuyenda nato miyezi, kumakweretsa ng'ombe za anthu, nadabwa kuti palibe imene ikutenga bere.

Tiyeni tiŵerengere limodzi ndi mnyamata wathu. Ngakhale m'manja mwa katswiri, pa ng'ombe 10 zokweretsedwa kamodzi, zimene zimatenga bere ulendo womwewo ndi 5 kapena 6, ndipo m'midzi mwathu kaŵirikaŵiri zimachepera pamenepo. Chotero tiike timachubu tiŵiri pa ng'ombe iliyonse. Zazikazi zisanu, poŵerengera ndi msoti womwe, zifuna timachubu 10 pachaka, ndiye ngati zonse zibereka chaka ndi chaka, chimene ng'ombe zathu sizichitachita. Banja lidzapita kumzinda kanayi pachaka kukadzaza botolo, ndi kulitsegula masiku 10 okha mwa masiku 365. Likagulitsa ziŵiri zija, litsala ndi zitatu, ndiwo timachubu 6. Onjezaninso ichi: botolo, mfuti, magolovesi ndi mbeu yambiri zimachokera kunja kwa dziko, ndipo aliyense akumbukira zimene zidachitika pa mitengo ya katundu wotere pamene Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kugulitsa ng'ombe zobereka kuti mugule chida chobereketsera ng'ombe kuli ngati kugulitsa munda kuti mugule pulawo.

Nanga munthu ayambire pati? Ayambire pa zida zimene sizilira ndalama zambiri, ndipo choyamba ndi maso ake. Nkhunzi ili ndi mphuno yodziŵira tsiku la ng'ombe yaikazi. Mukaichotsa m'khola, ntchito ya mphunoyo yagwera inu. Ng'ombe yopanda bere imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 aliwonse, zina 18, zina mpaka 24. Nyengoyo ikafika imaliralira, siikhazikika, imachepetsa kudya ndi mkaka, kumbuyo kwake kumatupa pang'ono ndi kufiira, ndipo kumatuluka zonanda zonga choyera cha dzira laliŵisi, zimene zimamatirira kumchira. Imakweranso zinzake. Koma chizindikiro chosanama nchimodzi: kuima nji pamene inzake ikuikwera, osathaŵa. Kuima kumeneku kumatha maola 12 mpaka 18, ndipo mwa ng'ombe zathu za linunda kumafupikirapo, makamaka nyengo yotentha, ndiponso kumakonda kuchitika usiku ndi mbandakucha. Chifukwa chake munthu ayenera kuima pakhola mphindi 20 m'mamaŵa asadakame, ndi mphindi 20 madzulo, osagwira ntchito ina koma kupenya basi. Ambiri amati alibe nthaŵi yotere, koma nthaŵi yokhala pabawo imapezeka.

Lamulo la nthaŵi nlapafupi kulikumbukira. Mukaiona itaima m'maŵa, ikweretsedwe madzulo a tsiku lomwelo. Mukaiona madzulo, ikweretsedwe m'maŵa mwake. Chifukwa chake nchakuti dzira limatuluka patapita maola 10 kapena 12 kuima kuja kutatha, ndipo limakhala ndi moyo maola oŵerengeka okha, pamene mbeu imakhala pafupifupi tsiku limodzi, ndipo imafuna maola angapo m'chiberekero isadathe kugwira ntchito. Mbeu ndiyo iyenera kufika poyamba ndi kudikira dzira. Mukaona timagazi kumchira, musathamangire lamya; nyengo idapita masiku aŵiri apitawo. Lembani tsikulo, nimuyambe kutchera maso pakatha masiku 16.

Tanena za kulemba, ndipo chida chachiŵiri ndi chomwecho: kope la sukulu ndi cholembera. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi tsamba lake, polembapo tsiku limene idabereka, masiku amene idafuna nkhunzi, ndi tsiku limene idakweretsedwa. Kopelo lidzakuuzani kuti musakweretse ng'ombe isadathe masiku 45 mpaka 60 chiberekere, pakuti chiberekero chimafuna nthaŵi yobwerera m'malo mwake. Lidzakuuzaninso masiku oyenera kuipenyetsetsa itakweretsedwa, ndiwo kuyambira tsiku la 18 kufika la 24. Ikapanda kufunanso nkhunzi pamenepo, chiyembekezo chilipo, koma mlangizi kapena dokotala wa ziŵeto aipime pakatha miyezi iŵiri kapena itatu. Nthaŵi zina ng'ombe ya bere imaonetsa ngati ikufuna nkhunzi, ndipo wokweretsa akapanda kuuzidwa kuti idakweretsedwa kale, akhoza kutayitsa berelo ndi mfuti yake. Ntchito ya kope iyenera ana a sukulu, ndipo amaikonda akaikhulupiriridwa.

Chachitatu ndi kampanda kopanira ng'ombe: mizati yolimba ya bulugamu, m'lifupi mongokwanira ng'ombe imodzi kuti isatembenuke, mtengo wopingasa kumbuyo, ndi kadenga ka udzu kapena mthunzi wa mtengo. Ng'ombe imene yathamangitsidwa ndi ana ndi agalu, nimangidwa pamtengo ndi zingwe ikupuma ŵefuŵefu, siitenga bwino, ndipo wokweretsa amene wapondedwa kamodzi sabweranso mokondwa. Kampanda komweko kadzakuthandizani popopera mankhwala a nkhupakupa ndi pobaya katemera.

Chachinayi ndi chakudya, ndipo pano tichedwepo, pakuti apa mpamene alimi ambiri amataya ndalama nanamizira wokweretsa. Ng'ombe yoonda, yoŵerengeka nthiti, monga zimakhalira zambiri m'mwezi wa Okutobala pamene madambo auma ndi tchire lapsa, kaŵirikaŵiri siifuna nkhunzi konse, ndipo ikafuna siitenga. Thupi lake limayamba ladzisunga lokha. Mbeu ya nkhunzi yotchuka ya kutsidya kwa nyanja siingasinthe zimenezi. Chotero dzinja lisadafike konzani malo a nsenjere m'mphepete mwa munda, bzalani lukina, sungani mapesi ndi masamba a mtedza pathandala m'malo mozitentha, ndipo madeya a kuchigayo musamagulitse kwa ophika kachasu pamene ng'ombe yanu ikuonda. Mchere ndi madzi zisasoŵe. Ng'ombe ya mkaka imatha kumwa zidebe zitatu kapena zinayi za malita 20 patsiku lotentha. Banja liyambe lagwirizana kuti adzatunga ndani, kuti katunduyu asangogwera amayi ndi atsikana pamene abambo ndi anyamata akukamba za mitundu ya nkhunzi pakhonde.

Posankha mbeu musatengeke ndi zithunzi. Ng'ombe yathu ya linunda njaing'ono thupi, imapatsa lita imodzi kapena aŵiri patsiku thole litayamwa, koma imapirira dzuŵa, njala ndi nkhupakupa. Friesian, yamaŵanga akuda ndi oyera ija, ili ndi mkaka wambiri, koma njaikulu, imadya kwambiri, ndipo thole lake likhoza kukula m'mimba mwa ng'ombe yaing'ono mpaka kukanika kubadwa. Mungataye make ndi mwana usiku umodzi. Kwa ng'ombe zazing'ono, makamaka msoti wobereka koyamba, ife tikonda Jersey, imene ana ake amabadwa aang'ono, ndipo mkaka wake ngwamafuta. Mwana wosakaniza mitunduyi akadyetsedwa bwino akhoza kupatsa malita 8 kapena 10. Musafulumire kufuna ng'ombe yachizungu yeniyeni. Pakhomo pa mlimi wamba, imene imakhalitsa ndi ng'ombe imene magazi achilendo ali theka, kapena magawo atatu mwa anayi. Kupitirira apo mwakhala kapolo wa mankhwala, pakuti matenda a nkhupakupa, makamaka aja otchedwa East Coast fever, amapha ng'ombe zachilendo msanga kuposa zathu. Ndipo msoti usakweretsedwe poŵerenga miyezi yokha ayi, koma utafika pafupifupi magawo aŵiri mwa atatu a kulemera kwa ng'ombe yaikulu.

Zimenezi zikakhala m'malo, banja lakonzeka kuyamba, ndipo silidagule chitsulo chilichonse. Chotsala ndi kupeza wokweretsa ndi kumlipira pa ulendo uliwonse. M'madera a mkaka alimi ali m'magulu osonkhanitsa mkaka, ndipo maguluwo ali ndi mabungwe awo aakulu: SHMPA kumwera, CREMPA pakati, ndi MDFA kumpoto. Magulu ambiri otere ali ndi munthu wophunzitsidwa kukweretsa, ndipo alangizi a ziŵeto a Boma adziŵa kumene ali. Pitani mukamuone musadamfune. Mfunseni kumene amatenga mbeu, tsiku limene botolo lake lidadzazidwa komaliza, ndiponso ngati ulendo wachiŵiri amalipiritsa mofanana ndi woyamba ng'ombe ikapanda kutenga. Munthu woona sakwiya ndi mafunso otere. Tengani nambala ya lamya yake, ndipo mumuimbire pomwe mwaona chizindikiro, kuti akonze ulendo wake nthaŵi ikadalipo.

Kumene kulibe gulu, mutu umodzi susenza denga. Mabanja 30 okhala ndi zazikazi zitatu lililonse ali ndi ng'ombe 90, ndiwo timachubu pafupifupi 180 pachaka, ndipo nayitrojeni yemwe uja amene akadasautsa banja limodzi wagaŵika pa makola 30. Pamenepo botolo liyamba kudzilipira lokha. Koma gulu lilembe malamulo lisadagule kanthu: botolo lidzakhala kwa yani, adzaliyeza ndani sabata ndi sabata, ndipo ndalama za nayitrojeni zizisungidwa padera, zosabwereketsa pamaliro kapena paukwati. Gulu lotere limagwa tsiku limene msungichuma anena kuti ndalama yodzazira botolo idapita kwina. Ilipo njira inanso yochepetsera mtengo: dokotala wa ziŵeto akhoza kubaya ng'ombe zambiri mankhwala oti zifune nkhunzi m'masiku amodzimodzi, kuti wokweretsa abwere ulendo umodzi ndi botolo laling'ono. Mankhwalaŵa asagulidwe mwachisawawa, chifukwa ena mwa iwo amachotsa bere la ng'ombe imene idatenga kale, ndipo ngoopsa kwa mayi woyembekezera akawakhudza.

Tibwerere kwa mnyamata wathu, pakuti sitifuna kuzimitsa moto wake. Ngati afunadi ntchitoyi, ndalama zake zoyamba zipite ku maphunziro, kudzera ku ofesi ya ziŵeto ya m'boma lake kapena ku bungwe la mkaka. Ntchitoyi siiphunzirika poonera kanema palamya. Wokweretsa amaloŵetsa mkono wovala golovesi m'njira ya ndowe, nagwira khomo la chiberekero kudzera m'thumbo, ndipo ndi dzanja linalo amaloŵetsa mfuti m'njira yoberekera. Khomolo lili ndi makwinya atatu kapena anayi amene mfuti iyenera kudutsa, ndipo mbeu iyenera kutsanulidwa pang'onopang'ono mfutiyo itangotulukira m'kati, osapitirira. Zonsezi zimachitika maso asakuona, ndi nsonga za zala zokha. Ophunzira amayambira pa ziberekero zotengedwa kophera ng'ombe, kenaka pa ng'ombe zamoyo mphunzitsi ali pambali, ndipo dzanja limakhwima patapita ng'ombe makumi ambiri. Apa mpamene ng'ombe zisanu za atate ake zicheperanso kachiŵiri: munthu wokweretsa ka 10 pachaka dzanja lake limaiŵala. Wosaphunzira amavulaza chiberekero, amaloŵetsamo ndowe, ndipo iye mwini akhoza kutenga matenda a brucellosis, amene amatayitsa ng'ombe bere ndi kudwalitsa anthu malungo osatherapo.

Akaphunzira, zida za m'manja nzochepa, ndipo zonse zikwana m'kabokosi kamodzi: mfuti yolandira timachubu ta misinkhu yonse iŵiri, zimake zake za pulasitiki, magolovesi aatali ofika papheŵa, kambano kotolera timachubu, sizasi, choyezera kutentha, fulasiki yakukamwa kwakukulu, mapepala opukutira, ndi mafuta ake oterera. Pa zimenezi pali pamene munthu angapulumutse ndalama, ndi pamene sayenera kuyesa. Fulasiki ya tiyi ya kumsika ikwanira. Mfuti yogwirapo kale ntchito, yachitsulo chosachita dzimbiri, ikasamalidwa ndi kuŵiritsidwa idzatumikira zaka. Koma chimake nchogwiritsa ntchito kamodzi basi. Kuchitsuka ndi kuchibwereza ndiko kusamutsa matenda khola ndi khola, pamene kupeŵa matenda oyenda ndi nkhunzi ndilo phindu lina lalikulu la njira imeneyi. Sopo asaloŵe m'malo mwa mafuta aja, pakuti amapha mbeu. Choyezera kutentha nachonso chisatsale, chifukwa chala chimanama.

Madzi osungunulira akhale a madigiri 35 mpaka 37, ndipo kachubu kakhalemo masekondi 30 mpaka 45. Kakatuluka kapukutidwe mpaka kuuma, chifukwa madzi akakhudza mbeu amaipha, ndipo mbeuyo ikhale italoŵa m'ng'ombe mphindi 10 kapena 15 zisadathe. Ndiye kuti ng'ombe iyambe yaloŵa mumpanda kachubu kasadatuluke m'botolo. Potola kachubu, chotengera chake chisakwezedwe kupitirira mzere wa chisanu umene umaoneka m'khosi mwa botolo, ndipo chisakhale pamenepo masekondi oposa 10. Timachubu totsala timaonongeka pang'ono nthaŵi iliyonse tikafunda, ndipo kuonongekako kumaunjikana. Tidaonapo wokweretsa wina akutulutsa chotengera chonse padzuŵa kuti aonetse alimi maina a nkhunzi zake. Anthu adakondwa, iyenso adakondwa, koma ife tidachoka tikumvera chisoni ng'ombe zimene zidali kudikira timachubu timeneto.

Tsiku likadzafika lakuti gulu ligule botolo, logwirapo kale ntchito likhoza kutsika mtengo, koma liyesedwe ndalama isadatuluke. Lidzazeni, mulisiye tsiku limodzi, muliyeze pasikelo, ndipo muliyezenso pakatha masiku atatu kapena anayi. Lita imodzi ya nayitrojeni imalemera magalamu pafupifupi 800, ndipo botolo lalikulu labwino, losatsegulidwa, limataya kotala la lita patsiku kapena kucheperapo. Likachita thukuta kapena chisanu kunja, makamaka chakukhosi, latha ntchito. Lisiyeni ngakhale akupatseni ulere. Pakhomo likhale pathabwa, osati pasimenti, m'chipinda chopita mphepo chimene simugona munthu, pakuti nayitrojeni wouluka amathamangitsa mpweya umene timapuma. Liziyezedwa ndi kamtengo koongoka sabata iliyonse. Chisanu chogwira pakamtengoko chisonyeza pamene madzi alekeza, ndipo akatsika kufika masentimita 10, ulendo wokadzaza wakwana. Ana asaseŵere nalo. Madziŵa amaotcha thupi ngati moto, ndipo akagwera m'diso akhoza kulipha.

Pali funso limene akulu a mpingo adzatifunsa, ndipo tiliyankhiretu. Ng'ombe siidziŵa kalendala. Ikaima Loŵeruka madzulo, nthaŵi yake ndi m'maŵa wa tsiku la Sabata, ndipo kudikira Lolemba ndiko kutaya masiku 21 a chakudya ndi mkaka. Ife tiona kuti ntchitoyi ili pamodzi ndi kukama ndi kumwetsa ziŵeto, zimene palibe amazileka tsikulo. Njamphindi 15 zokha. Panganani ndi wokweretsa kuti abwere kutangocha, ndipo nonse mudzafika kutchalitchi belu lisadalire.

Nanga nkhunzi yokalamba ija? Imadya chaka chonse chakudya chimene chikadakwanira ng'ombe ya mkaka, kuti igwire ntchito masiku oŵerengeka. Ndiponso msoti uli m'kholamo ndi mwana wake, ndipo posachedwa idzaukwera, zimene zimabala mathole ofooka. Ngati pali ng'ombe yoyenera kupita kumsika, ndi imeneyi. Ndalama zake zimange mpanda, zigule mankhwala a nkhupakupa, zilipire wokweretsa chaka choyamba, ndipo zotsala zikhale za maphunziro a mnyamata. Koma atate asafulumire. Ayambe ndi ng'ombe ziŵiri zonenepa bwino, zimene zidaberekapo popanda vuto, azipatule ku nkhunzi, naone ngati wokweretsa amafika pa nthaŵi yake. Kupatulako nkofunika: ng'ombe yopita kudambo pamodzi ndi za m'mudzi idzakumana ndi nkhunzi ya eni wokweretsa asadafike, ndipo mudzalipira mbeu ya Jersey ndi kulandira thole la linunda. Imene yakweretsedwa katatu osatenga, lekani kuitayira timachubu. Itanani dokotala aione.

Mnyamata wathu adziŵenso kutalika kwa ulendo. Ng'ombe yotenga bere lero idzabereka pakatha masiku pafupifupi 280, ndipo mwa mathole obadwa, theka adzakhala aamuna. Ilipo mbeu yosankhidwa kuti ibale aakazi ambiri, koma njodula, ndipo siitenga msanga ngati inzake, si yoyambira. Thole lalikazi lidzafuna chaka ndi theka kapena zaka ziŵiri kuti likweretsedwe, ndi miyezi ina isanu ndi inayi kuti libereke. Mkaka woyamba wa mbeu imene mugula chaka chino mudzaukama patapita zaka zitatu kapena kuposerapo. Chifukwa chake wokweretsa akatha ntchito, musamlole kutaya kachubu kopanda kanthu kaja. Pamenepo padalembedwa dzina ndi nambala ya nkhunzi, ndi mtundu wake. Katsukeni, mukamate patsamba la ng'ombeyo m'kope muja, ndi kulemba tsiku pambali pake. Pamene msoti watsopano udzaime koyamba, wokweretsa adzafunsa kuti nkhunzi imene idaubala ndi iti, kuopa kuupatsa mbeu ya nkhunzi yomweyo, ndipo pakhomopo payenera kudzapezeka munthu wotha kutsegula kope ndi kumuonetsa.